NDILEMBE TSOPANO KAPENA NDIDIKIRE ZOTSATIRA?

Patatsala masiku atatu kuti titsekere tchuthi cha Pasaka, Bambo Mkulu wa seminale yathu adatiitanitsa ife a Fomu 4 tokhatokha m'kalasi, usiku titamaliza mapemphero. Sadatenge nthawi. Adati aliyense amene akufuna kupitiriza ulendo wa ku unsembe alembe kalata ya pamanja kwa Ambuye Arkiepiskopi, ndipo kalatayo ifike pa tebulo lawo sabata yoyamba ya teremu yachitatu, mayeso a MSCE asanayambe. Amene sanakonzeke, adatero, asadzikakamize, pakuti angathe kudzalemba chaka china kudzera kwa bambo mfumu wa parishi ya kwawo. Atatero adatenga buku lawo la mapemphero n'kutuluka.

Usiku umenewo m'nyumba yogona mudalibe phokoso la masiku onse. Ena adali atadziwa chochita kuyambira ali Fomu 1, ndipo m'mawa mwake adayamba kufunsana za kalembedwe ka keyala ya Ambuye. Ena adali atadziwanso kale kuti sadzalemba, koma sadanene. Tidangowaona akuwerenga Physics molimbika kuposa kale. Ine ndidali pakati. Ndidagona chagada, maso ali gwa kudenga, mpaka belu la m'mawa lidalira.

Kwa inu makolo amene mukuwerenga magazini ino, mwina ndi bwino ndiyambe ndafotokoza pamene pagona nkhani. Mnyamata womaliza seminale yaing'ono ali ndi njira ziwiri, koma njirazi sizitseguka tsiku limodzi. Yoyamba ndi ya kalata ija. Ambuye akamuvomera, iye n'kukhoza bwino mayeso, amayamba wapita ku Kasina, m'boma la Dedza, kukakhala chaka chimodzi pa maphunziro a zauzimu. Akachoka kumeneko amapita ku Kachebere, ku Mchinji kufupi ndi malire a Zambia, seminale imene idatsekulidwa mu 1939, kukaphunzira filosofi. Pomaliza amapita ku St Peter's ku Zomba kukaphunzira za umulungu. Mukaphatikiza zonsezi zaka sizichepera 8, ndiponso malamulo a Mpingo salola munthu kudzozedwa unsembe asanakwanitse zaka 25. Njira yachiwiri ndi yodikira. Bungwe la MANEB litulutse zotsatira, kenaka bungwe la NCHE lilengeze kuti ofuna malo m'mayunivesite a boma alembe mafomu. Pamafunika makirediti 6, limodzi mwa iwo la Chingerezi, koma aliyense akudziwa kuti makirediti okha sakwanira, chifukwa malo ndi ochepa ndipo amene mapointi ake ali otsika ndiye amakhala patsogolo. Munthu amasankha maphunziro a ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, Mzuni kapena MUST, n'kukhalanso miyezi kudikira maina. Tsono vuto lili apa: kalata ya Ambuye imafunika munthu asanadziwe zimene wakolola, pamene fomu ya yunivesite imadza atadziwa kale.

Ndidanyamuka ku Nguludi ndi funso limeneli. Kwathu ndi ku Phalombe, kufupi ndi Migowi, m'tsinde mwa phiri la Michesi. Amene mudafikako mukudziwa kuti phiri limeneli ndi lokongola m'chilimwe, koma ife eni dera timaliyang'ana ndi maso awiri. Mu Malichi 1991 napolo adatsika m'menemo n'kupha anthu mazanamazana. Amayi anga adali mtsikana nthawi imeneyo ndipo mpaka lero mvula ikamagwa usiku sagona. Mu Malichi 2023, ine ndili Fomu 2, namondwe wa Freddy adagwetsa nyumba yathu ndi kukwirira theka la munda wathu ndi mchenga ndi miyala. Bambo anga adatisiya ndili Sitandade 6. Pambuyo panga pali alongo anga awiri ndi mng'ono wanga mmodzi, ndipo onse tikukhala m'nyumba ya zipinda ziwiri imene amalume adatimangira ndi malata otolatola. Fizi yanga ya ku seminale yakhala ikuchokera mbali ziwiri: nandolo wa amalume, ndi zopereka za akhristu a mumphakati wathu. Ndanena zonsezi kuti mumvetse kuti kalata imene ndimayenera kulemba ndi dzanja langa sidali yanga ndekha.

Kwathu mwini mbumba ndi malume, choncho ndidayamba ndi iwo. Ndidawapeza madzulo akusoka thumba pakhonde. Adandimvetsera mpaka ndidamaliza, osandidula mawu. Kenaka adaika singano pansi.

"Mwanawe, kodi nandolo timagulitsa akadali maluwa?"

"Iyayi, amalume."

"Mavenda amabwera mwezi wa njala ndi ndalama m'manja, kufuna kugula mbewu ikadali m'munda. Amene wagulitsa nthawi imeneyo amalira pokolola, poona mnzake akugulitsa thumba lomwelo mtengo wowirikiza. Iwe sunadziwe kuti m'mutu mwakomo muli matumba angati. Ufulumiriranji? Aphunzitsi ako akuti masamu umawatha. Dikira zotsatira. Ukakhoza bwino upite ku Poly ukaphunzire zomanga. Milatho idakokoloka ija waiona wekha, adzaimanga ndani? Za ndalama usade nkhawa, boma limabwereketsa ngongole kwa ophunzira. Zaka zinayi kapena zisanu, iwe wayamba ntchito, alongo akowa apita ku sukulu. Koma zaka 8! Ine ndidzakhala ndikadali moyo? Ndipo ukadzamaliza, wansembe ali ndi malipiro anji oti n'kumangira mayi ake nyumba?"

Amalume amaitchabe Poly ngakhale idasintha dzina kukhala MUBAS mu 2021. Sindidawakonze. Ndidalibenso choyankha, pakuti palibe mawu amodzi mwa onsewa amene adali abodza. Amalume ndi mkhristu wa Misa sabata ndi sabata, ndipo sadana ndi ansembe. Amangodziwa mtengo wa thumba la feteleza.

Lamulungu la Pasaka ndidamva mbali ina. Titatuluka m'tchalitchi amayi a mumphakati wathu adandizungulira ndi nthungululu. "Abambo athu a mawa afika!" Mayi wina wachikulire, amene ndikudziwa kuti kwawo amagona ndi njala masiku ena, adandipatsa nkhuku yomanga miyendo. Adati akupempha Mulungu awasunge kufikira tsiku limene ndidzachite Misa yanga yoyamba m'mudzi mwathu. Ndidalandira nkhukuyo ndi manja awiri, koma idandilemera ngati mtondo. Ndikudziwa zimene anthu amanena za mnyamata amene wabwerera panjira: amati adangodya ndalama za mpingo, adapita ku seminale kukafuna sukulu yabwino basi. Mundilole ndinene pano mwaulemu, inu makolo ndi akhristu: dzina loti "Abambo" limene mumatipatsa tikadali Fomu 2 mumatipatsa mwachikondi, koma limatseka pakamwa. Mwana amene watchedwa kale wansembe amaopa kuvomera kuti akukayika, ndipo kukayika kobisidwa sikuchoka, kumangodikira nthawi yoipa.

Choncho pofika Lolemba ndidali ndi zifukwa zokwanira zolembera, ndi zifukwa zokwanira zosalembera. Amayi okha ndiwo adali asanalankhule. Tidakhala awiri pamphasa tikutonola chimanga chochepa chimene tidakolola. Ndidawafotokozera maganizo a amalume, n'kumaliza ndi mawu oti mwina kudikira n'kwanzeru. Amayi sadadzutse mutu.

"Tsiku limene ndimakuperekeza ku Nguludi sindidalonjeze Mulungu kanthu, ndiponso sindidalonjeze amalume ako kanthu. Nkhuku ija ndidzabweza ndine ngati ikukuvuta. Koma tandiuza, ukuti ukufuna kudikira. Ukudikira chiyani kwenikweni?"

Ndidati ndikudikira zotsatira. Amayi adati, "Eya," n'kupitiriza kutonola. Funso lawo lidaoneka lopepuka, koma lidanditsata m'munda, kumjigo, mpaka pogona.

Lachitatu ndidabwereka njinga n'kupita ku parishi. Kumeneko kuli wansembe wothandizira amene adakhalapo zaka zingapo ku America pa maphunziro. Ndidawafotokozera zonse. Iwo adaseka pang'ono n'kunena kuti mutu umene ukundipweteka ine umapwetekanso ana a ku America chaka ndi chaka. Kumeneko, adatero, wophunzira wa chaka chomaliza ku sekondale angathe kupempha malo ku koleji m'njira zingapo. Njira ya onse amaitcha regular decision: amatumiza mapepala kumayambiriro kwa Januwale, yankho limabwera chakumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo, ndipo iye amakhala ndi nthawi yosankha mpaka pa 1 Meyi. Koma pali njira ziwiri zofulumira, zimene mapepala ake kawirikawiri amafunika pofika pa 1 Novembala ndipo yankho limabwera pakati pa Disembala. Ina amaitcha early decision. Imeneyi ndi yomanga: wophunzira amasaina kuti akatengedwa adzapita kumeneko basi, ndipo mapepala amene adatumiza kwina ayenera kuwabweza. Inzake amaitcha early action. Imeneyi siyomanga: koleji imayankha msanga, koma wophunzira amakhalabe mfulu kufikira Meyi.

"Tsono iwe," adandifunsa, "kalata ya kwa Ambuye ukuiika m'gulu liti?"

Ndidati ndi yomanga.

"Wakuuza ndani? Kalata si kudzozedwa. Malonjezo a kusakwatira ndi kumvera Episkopi munthu amachita pa udikoni, patapita zaka zambiri akudziyesa ndiponso akuyesedwa. M'kalasi mwathu ku Kachebere tidayamba ambiri, koma amene tidafika pa guwa tidali ochepa. Enawo lero ndi aphunzitsi, ena ali m'maofesi, ali ndi mabanja, ndipo palibe tchimo limene adachita. Seminale yaikulu ndi malo ofunsirako funso, si malo a anthu amene adayankha kale."

Mtima wanga udayamba kupepuka, koma iwo sadandilole kuti ndisangalale msanga. Adati amalume anga sakulakwa. Ngakhale ku America, adatero, ana a m'mabanja osauka amachenjezedwa za njira yomanga ija, chifukwa amene wasaina msanga sakhala ndi mwayi woyerekeza thandizo la ndalama limene makoleji osiyanasiyana akadamupatsa; kufulumira kumakomera amene sawerenga makobidi. Kuno kwathu nakonso, ngakhale kalata siyomanga, zaka sizibwerera. Ukakhala zaka zitatu kapena zinayi n'kubwerera, anzako adzakhala akumaliza madigiri, satifiketi yako ya MSCE idzakhala itakalamba, ndipo alongo ako adzakhala atadutsa msinkhu umene thandizo lako likadawapindulira. Ufulu ulipo, koma wolipira mtengo wake sudzakhala iwe wekha.

Kenaka adandifunsa mafunso awiri amene sindidzawaiwala.

"Tiyerekeze zotsatira zatuluka, wapeza mapointi 8. Uchita chiyani?"

"Ndipita ku MUBAS, Bambo."

"Nanga ukapeza 28?"

"Ndipita ku Kasina."

Ndidayankha mofulumira, osaganiza, ndipo chifukwa cha kufulumirako ndidadziwa kuti ndanena zoona. Bambo sadanene kanthu. Adangoyang'ana pa zenera, kumene phiri la Mulanje lidali litavala mtambo. Ine ndidamva mawu anga akubwerera m'makutu mwanga, ndipo manyazi adandigwira. Funso la amayi lidayankhidwa pomwepo. Sindimadikira kuwala kwa Mzimu Woyera, ndiponso sindimadikira kuti maganizo akhwime. Ndimadikira kuti MANEB indisankhire. Ndimafuna kuti mapepala akakoma ndiwatengere kwina, akaipa ndiwapereke kwa Mulungu, ngati munthu amene amasankha maungu abwino kupita nawo kumsika, oola n'kukapereka ku tchalitchi. Ndipo ndidali nditaiwalanso kuti seminale yaikulu si kotayirako olephera. Nayonso imafuna makirediti ake.

Pobwerera ndidakankha njinga mtunda wautali osakwera. Ndikadanama ndikadati pamenepo ndidaona kuti njira yoyera ndi kulemba msanga. Ayi. Nditayang'ana zifukwa zanga zolembera ndidapezanso zinyalala zomwezo. Ndimafuna kulemba kuti amayi a mumphakati asakhumudwe. Ndimafuna kulemba kuti ndilowe m'mayeso ndili ndi pogwira, mantha achepe. Ndipo pali china chimene sitikonda kunena m'magazini ngati ino: kwa mwana amene adagonapo m'kalasi ya sukulu ya pulaimale milungu ingapo nyumba itagwa, seminale ndi bedi, bulangete, ndi nsima ya tsiku lililonse kwa zaka 8. Munthu angathe kuthawira ku guwa monga momwe angathawire ku yunivesite. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Koma pusi wanga ine samathamangira zokoma, amangothawa njala mbali zonse ziwiri.

Masiku otsala a tchuthi ndidawathera m'munda, kuthandiza amalume kuchotsa miyala imene madzi adasiya. Ntchito imeneyi ndi yabwino kwa munthu wa maganizo, chifukwa manja amadziwa okha chochita. Ndidayesa kuchotsa m'mutu mwanga nkhuku ija, mawu a amalume, ngakhale njala, kuti ndione ngati pansi pake patsala kanthu. Zidatsala ziwiri. Choyamba, masamu ndimawakondadi. Ndikaona mlatho wogumuka mutu wanga umayamba wokha kuwerenga kutalika kwake ndi kulemera kwa madzi. Chachiwiri ndi chimene abale anga adandisimbira ndiponso ndidadzionera nditafika kumudzi pambuyo pa Freddy: wansembe woyenda pansi m'matope ofika m'mawondo, galimoto atasiya kutali, kudzaika maliro ndi kudzachita Misa pa tebulo la mphunzitsi pakati pa anthu amene adalibe chilichonse. Anthu aja sadalandire chimanga kwa iye tsiku limenelo, koma ndidaona amayi anga akuimba koyamba chigwereni nyumba. Kuyambira pamenepo pali kanthu mwa ine kamene kamafuna kudziwa ngati ndingathe kukhala munthu wotere.

Tsono ndidadzifunsa funso la Bambo lija mwa njira ina. Ndidayerekeza kuti pepala lili m'manja mwanga, mapointi 8, dzina langa latuluka pa mndandanda wa MUBAS, amalume akuvina pabwalo. Kodi pamenepo ndingafunebe kukaona Kasina? Ndidadzifunsa masiku atatu. Yankho silidabwere ndi bingu. Lidali "inde" wamng'ono, wonga wa munthu amene akuitanidwa usiku ndipo sakudziwa bwino ngati wamvadi dzina lake. Koma adali "inde", ndipo sadadalire mapointi.

Usiku womaliza ndidawauza amalume kuti ndilemba. Adakhala chete nthawi yaitali. Kenaka adapempha chinthu chimodzi: kuti zotsatira zikatuluka ndidzalembenso fomu ya NCHE, ndalama yake adzalipira ndi iwo, kuti ngati ndikana yunivesite ndidzakane chinthu chimene chili m'manja, osati maloto. Ndidavomera. Ndikuganiza kuti iwo akukhulupirira kuti ndikadzaona dzina langa pa mndandanda mtima udzatembenuka. Mwina akunena zoona. Akundidziwa kuyambira ndili wakhanda.

Kalata ndidailemba katatu. Yoyamba idali yodzaza ndi mawu okoma amene ndidawamva kwa ena, oti kuyambira ubwana wanga ndakhala ndikulakalaka kutumikira pa guwa. Ndidaing'amba, chifukwa ubwana wanga ndimalakalaka kuyendetsa lole. Yachiwiri idatalika kwambiri. Yachitatu idali ya tsamba limodzi. Ndidalembamo kuti ndikupempha kupitiriza maphunziro a unsembe, kuti ndine woyamba kubadwa m'banja la mayi wamasiye, kuti mwini mbumba wathu akufuna ndipite ku yunivesite, kuti ndalonjeza kudzalembanso fomu ya boma, ndipo kuti ngati maganizo anga adzasintha ndidzabwera ndekha kudzanena, sindidzangosowa. Mnzanga wina ataiwerenga adati ndadziwotcha ndekha, mapanga awiri avumbwitsa, Ambuye sangatenge munthu wa mitima iwiri. Mwina. Koma mitima iwiriyo ndili nayodi, ndipo ndidaona kuti kuibisa m'kalata yoyamba n'kuyamba ulendo wa zaka 8 ndi bodza.

Mnzanga wina wapamtima, amene takhala naye desiki limodzi kuyambira Fomu 1, sadalembe. Iye atadzifunsa funso lomwe lija adapeza kuti sakudziwa, ndipo adati sangalembe "ndikupempha" pamene sakupempha. Akufuna akhale kaye chaka kunja, aphunzitse pa sukulu ya kwawo, aone ngati adzaisowa seminale. Ena adayamba kumuyang'ana ngati wagwa. Ine ndikuona kuti kudikira kwake n'kosiyana ndi kumene ndimafuna ine, pakuti iye sakudikira MANEB. Inu a Fomu 3, amene Bambo Mkulu adzakuitanitseni m'kalasi lomwe lija chaka chamawa, musadzamuweruze mnzanu poona tsiku limene wapereka kalata.

Lachisanu la sabata yoyamba ndidagogoda pa ofesi. Bambo Mkulu adawerenga kalatayo ine nditaimirira. Atafika pa chiganizo cha fomu ya boma adaika chala pamenepo n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ichi ukufuna chikhale?"

"Inde, Bambo."

Adaipinda, n'kuiika mu envulopu pamodzi ndi za anzanga.

Ndikulemba nkhaniyi ndili kumudzi. Mayeso tidamaliza, zotsatira sizinatuluke, yankho la Ambuye silinabwere. Nandolo wauma ndipo tikupuntha. Mavenda ayamba kale kuzungulira ndi masikelo awo, koma amalume akuti sagulitsa mpaka amve mtengo wa ku Limbe. Za kalata ija sanaiyambenso. Dzulo lokha adapita pa Migowi kukagula mabatire atsopano a wailesi, n'kuwapatsa amayi kuti awasunge m'chikwama, asagwiritsidwe ntchito kufikira tsiku limene a MANEB adzalengeze.